Papsa Tonola

Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mwambi umenewu unabadwira pamakala, nthawi ya mondokwa. Chimanga chili pamoto, mbali imodzi yapsa, inayo ikadali yaiwisi. Wochenjera amatonola kumene kwapsako n'kuponya m'kamwa, chifukwa akati adikire chipse chonse, moto ukhoza kuzima, ukhozanso kulilima n'kumusiyira khala lokhalokha. Akuluakulu ena sakondwa akaumva mwambiwu pakamwa pa mwana, amati ukuphunzitsa dyera. Iwo amakonda unzake uja wakuti nkhanga zinapangana kusanapse, umene umatamanda wokonzekera tsoka likadali kutali. Miyambi iwiriyi imatsutsana poyera, ndipo amene anatisiyira sanavutike n'kuiyanjanitsa.

Mlandu wa miyambi iwiriyi umazengedwa chaka ndi chaka m'nkhali za mowa. Ku Nachisaka, m'mapiri a Dowa moyandikana ndi Ntchisi, chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atapita ku Kanengo, mtedza ndi soya zili m'matumba, imafika nyengo ya zinamwali, maukwati, ziliza ndi gule. Pamenepo utsi wa migolo umafuka kuseri kwa nyumba. Wofulula amayamba kale, masiku angapo mwambo usanafike. Amaviika chimanga kapena mawere, n'kuvuula, n'kufunditsa, n'kumawaza madzi mpaka timizu titatuluka. Akayanika padzuwa n'kusinja kapena kukagayitsa, chimenecho ndiye chimera. Kenaka amaphika phala, ndipo ukali wa moto ukatsika koma lisanazizire, amathiramo chimera chija. Phala limene linali lolimba limayamba kusungunuka pansi pa mthiko, n'kumatsekemera. Akalekera pomwepo, ana ndi a mpingo amwa thobwa. Akafuna masese, amalisiya lisase pang'ono, n'kuwiritsanso, n'kuonjezera chimera china, n'kuthira m'nkhali kuti ligone. Nyumba iliyonse ili ndi kafululidwe kake, ndipo palibe mayi amene amavomera kuti ka mnzake n'koposa.

Kuyambira pamenepo ntchito yachoka m'manja mwa munthu. Yatsala m'manja mwa yisiti, kachamoyo ka selo limodzi, kam'gulu la bowa ndi nkhungu, kamene asayansi amakatcha Saccharomyces cerevisiae. Maselo ake 200 atandandalika pamzere angokwana milimita imodzi. Zinthu zikakhala bwino, selo limaphuka kamwana pambali pake pa mphindi 90 zilizonse. Kamabwera ndi chimera chachiwiri chija, kenanso kamakhala kakudikira kale m'ming'alu ya nkhali. Sikakhala kokha: mabakiteriya amene amasasitsa phala ali momwemo, ndipo onse akulimbirana chakudya chimodzi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti yisiti yofululira, mwa mitundu yake yochuluka, singadye ufa. Sitachi ya m'chimanga ndi unyolo wautali wa timashuga, ndipo yisiti ilibe chodulira unyolowo. Mbewu ikamamera ndiyo imapanga ma enzyme odula sitachi, pofuna kudyetsa mphukira yake. Wofulula amaidukiza mbewu ili pakati pa ntchito imeneyo, n'kuilanda zodulirazo. Ndiye chifukwa chimera chothiridwa m'phala lowira chimafa, ndipo chothiridwa m'phala lozizira chimachita ulesi. Amayi amaiyesa nthawi imeneyi popanda chipangizo chilichonse, ndipo amakhoza.

Tsono m'phala lotsekemeralo mulibe shuga wa mtundu umodzi. Muli gulukosi, amene ali yekhayekha. Muli maltose, amene ndi magulukosi awiri ogwirana. Muli maltotriose, atatu ogwirana. Lilime lathu limangoti zonsezi n'zotsekemera, koma kwa yisiti izi ndi zakudya zosiyana, ndipo chilichonse chimafuna zida zake.

M'selo limodzi la yisiti muli majini pafupifupi 6,000, tizigawo ta malangizo a chibadwa tolembedwa mu DNA, togawidwa pa makromozomu 16. Ntchito yowerenga DNA yonse ya yisiti inatha mu 1996, motsogozedwa ndi André Goffeau wa ku Belgium pamodzi ndi asayansi mazana angapo, ndipo ichi chinali choyamba mwa zamoyo za maselo onga athu kuwerengedwa chonse. Koma jini si chida ayi, ndi luso losulira chida. Wosula wa m'mudzi amadziwa kusula khasu, nkhwangwa, kasemasema, chikwakwa ndi mpeni, koma sasula zonse tsiku limodzi, poti chitsulo n'chochepa ndipo makala ndi ogula. Mvula ikayandikira amasula makasu, nthawi yomweta udzu amasula zikwakwa. Luso la nkhwangwa silinachoke m'mutu mwake, langogona. Selo nalo limatero. Majini onse lili nawo nthawi zonse, koma ena limawagwiritsa ntchito kwambiri, ena pang'ono, ena limawatsekera, malinga ndi chimene chili m'madzi olizungulira. Nzeru ya yisiti ili pa kudziwa chimene sichiyenera kusulidwa lero.

Gulukosi akakhalapo, yisiti siyang'ana kwina. Kuti idye maltose imafunika zida ziwiri, khomo lomulowetsera m'selo ndi enzyme yomudula pakati, ndipo majini a zida zimenezi amatchedwa MAL. Gulukosi ali wambiri, puloteni ina yotchedwa Mig1 imakakhala pa DNA kutsogolo kwa majini ngati amenewa n'kutsekereza kuti asawerengedwe. Gulukosi akachepa, puloteni inzake, Snf1, imadzuka n'kuika chizindikiro pa Mig1, ndipo Mig1 imachotsedwa m'phata la selo kupita panja. Njira yatseguka. Jini ya Snf1 inadziwika mu 1981, pamene Marian Carlson ndi anzake ku America ankafufuza yisiti zolumala zimene zinkakula bwino pa gulukosi koma n'kumalephera kudya shuga wa nzimbe. Chinawonongeka mwa zina sichinali chodulira shugayo, koma chodzutsira. Zida zinali zotheka kusula, wouza selo kuti nthawi yakwana ndiye panalibe.

Wina angafunse kuti bwanji osangodya mashuga onse pamodzi, poti onse ali momwemo? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Puloteni iliyonse imene selo lapanga yadya mphamvu ndi zomangira zimene zikanapita ku kamwana. Selo limene likusula zida za maltose gulukosi ali ponseponse limachedwa kubala, ndipo linzake limene silinadzivute limalipitirira. M'nkhali mmene chiwerengero chimawirikiza pa maola ochepa, kuchedwa pang'ono lero ndiko kusowa mbumba mawa.

Pano mpamene shuga wa m'sitolo amalowa m'nkhani. Alipo ofulula amene amathira shuga wa nzimbe kuti mowa upse msanga ndiponso ukhale waukali. Yisiti imamulandira ndi manja awiri. Ili ndi enzyme yotchedwa invertase imene imakhala pakhungu la selo, n'kumadula shugayo kukhala gulukosi ndi fructose asanalowe n'komwe. Nkhali imadzaza ndi chakudya chosavuta, ndipo majini a MAL amatsekedwa. Si zokhazo: makomo a maltose amene analipo kale pakhungu la selo amamezedwa m'kati n'kuphwanyidwa. Ofulula a m'mafakitale amalidziwa bwino vutoli. Gulukosi akachulukitsa, yisiti imafika pa maltose itatopa, mowa utaizungulira kale, ndipo nthawi zina imaima ntchito ili pakati, n'kusiya mowa wozuna ngati wosapsa. Sindikunena kuti shuga ndi tchimo. Nkhuni zadula, chimanga chadula, ndipo mayi wofulula kuti alipirire mwana fizi sangaphunzitsidwe ulemu wa chimera ndi munthu wokhuta. Koma amene amati masese a shuga ndi a chimera chokhachokha amasiyana pakhosi sakunama, ndipo si nkhani yongokumbukira zakale. Yisiti imodzimodziyo yawerenga malangizo ena, yadya mwina, n'kusiya zotsalira zina.

Dyera lenileni la yisiti limaoneka pa kadyedwe ka gulukosi yemweyo. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yomutentha yense ndi okosijeni, m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria, mpaka patsale madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Imeneyi imapereka mphamvu yochuluka kangapo, koma ndi yochedwa ndipo imafuna zida zambiri. Yachiwiri ndi yongomuthyola pakati, kutengapo kamphamvu kochepa, n'kutaya zotsala monga mowa ndi mpweya umene timauona ngati thovu. Louis Pasteur, amene kuyambira mu 1857 anaonetsa kuti kuwira kwa zofulula ndi ntchito ya tizamoyo, ankaona njira yachiwiriyi ngati chothawirako mpweya ukasowa. Koma pambuyo pake zinadziwika kuti yisiti yathuyi, shuga akachuluka, imasankha kuthyola pakati ngakhale mpweya ulipo wokwanira. Majini ambiri otenthera shuga bwinobwino imawatsekera dala. Kuwerengera mphamvu yokha, kumeneku n'kusakaza. Kuwerengera nthawi, ndiko kutonola papsa. Imameza shuga mofulumira ena asanafike, ndipo mowa umene ikutayawo ndi poizoni kwa mabakiteriya ndi nkhungu zambiri, pomwe iyo imaupirira. Shuga akatha, ngati mpweya ulipo, imatsegula jini ina yotchedwa ADH2 pamodzi ndi anzake, n'kuyamba kudya mowa womwewo. Chimene chinkaoneka ngati chotaya chinali chosunga pamalo pamene ena sangachikhudze. Asayansi ambiri amakhulupirira kuti khalidwe limeneli linayamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mitengo itayamba kubala zipatso zotsekemera. Suku limene lagwa n'kuphulika pansi pa mtengo m'nkhalango ya Ntchisi silikhala masiku ambiri, ndipo wodya mwaulemu sapezapo kanthu. Ife anthu tinabwera mochedwa kwambiri, n'kuipeza nkhondoyi ili m'kati, n'kuphunzira kumwa mowawo mwini wake asanaubwerere.

Koma papsa pamatha. Chikuchitika n'chiyani gulukosi akatha, maltose kapena mowa zili pomwepo, zida zake zisanasulidwe?

Selo limaima. M'nkhali kuimaku sikuoneka bwino, chifukwa chimera chimapitiriza kudula sitachi pang'onopang'ono mowa uli m'kati mowira. N'chifukwa chake masese ndi Chibuku zimamwedwa zikadali zamoyo, ndipo katoni ya Chibuku imakhala ndi kabowo kopumira pamwamba. Koma m'botolo la mu labotale kuimaku kumaoneka poyera. Mu 1900, Frédéric Dienert wa ku France anaona kuti yisiti yoleredwa pa gulukosi, ikapatsidwa shuga wina wotchedwa galactose, imayamba yakhala kaye osadya. Jacques Monod, akugwira ntchito ku Paris m'kati mwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anaona zofanana pa mabakiteriya opatsidwa mashuga awiri: kukula, kuima, kenaka kukulanso. Analemba zimenezi mu 1941, ndipo funso la kuimaku linamutsogolera iye ndi François Jacob kukatulukira mmene majini amatsegukira ndi kutsekeka, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1965 pamodzi ndi André Lwoff.

Kwa zaka zambiri anthu ankafufuza jini imodziimodzi. Mu 1997, Joseph DeRisi, Vishwanath Iyer ndi Patrick Brown a ku yunivesite ya Stanford anadontheza DNA ya pafupifupi jini iliyonse ya yisiti pa kagalasi kamodzi, n'kumatapa yisiti m'botolo pa maola awiri alionse pamene gulukosi amatha. Poyamba sipanasinthe zambiri. Kenaka, gulukosi atatsala pang'ono, zinthu zinatembenuka: majini pafupifupi 710 anawirikiza kawiri kapena kuposa pa kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo pafupifupi 1,030 anatsika mofananamo. Kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a malangizo onse a selo linasintha m'maola ochepa. Otsikawo ambiri anali a kukula ndi kupanga mapuloteni, okwerawo anali a kutentha mowa ndi mpweya, kusunga chakudya ndi kupirira mavuto. Nthawi imene imaoneka ngati selo likugona ndiyo imene limagwira ntchito yolemetsa kuposa zonse, ndipo limaigwira ndi njala. Apa ndi pamene dyera lija limalipiridwa. Kusula zida zatsopano kumafuna mphamvu, ndipo mphamvu yatha limodzi ndi gulukosi. Maselo ena amaoloka m'maola ochepa, ena amatenga nthawi yaitali, ena saoloka n'komwe.

Ine ndimaona kuti gawo lokoma la nkhaniyi ndi ili lotsatira, chifukwa ndi limene limakana kutipatsa yankho limodzi. Mu 2015, gulu la Michael Springer ku Harvard linasonkhanitsa mitundu yambiri ya yisiti yochokera kumalo osiyanasiyana n'kuipatsa gulukosi ndi galactose pamodzi. Galactose ndi shuga amene amapezeka mu mkaka, komanso ali m'gulu la mashuga a mu soya ndi nyemba. Majini ake, otchedwa GAL, akatseguka amatha kugwira ntchito kuwirikiza ka 1,000, choncho kuwatsegula si chinthu chotchipa. Mitundu ina inadikira mpaka gulukosi atatheratu, ndipo inaima nthawi yaitali. Ina inayamba kutsegula majini a GAL maola angapo gulukosi asanathe, ndipo itafika posinthira inangopitirira osaima. Zimenezo ndizo nkhanga. Koma mtengo wake unaoneka: pamene zinkakonzekera, zinkakula pang'onopang'ono kuyerekeza ndi zinzake zotonola. Chaka chimodzi izi zisanachitike, gulu la Kevin Verstrepen ku Leuven, m'dziko la Belgium, linaonetsa zofanana pa gulukosi ndi maltose, mashuga enieni a m'nkhali. Iwo analera yisiti mibadwo yambiri akuisinthira chakudya pafupipafupi, ndipo panatuluka mitundu yosachedwa kusintha, koma ina mwa iyo inataya liwiro lake pa gulukosi.

Ndiye wopambana ndani? Zimadalira moto. Kumene gulukosi amakhalitsa, wotonola amadzaza malo. Kumene chakudya chimasinthasintha, nkhanga zimapulumuka. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale maselo a mayi mmodzi, a DNA yofanana ndendende, okhala m'madzi amodzi, satenga njira imodzi onse. Ena amatsegula majini a shuga wachiwiri msanga, ena amakakamira woyamba. Palibe anapangana, kusiyanaku kumachokera ku mwayi wa kuchuluka kwa timapuloteni m'selo lililonse. Koma zotsatira zake n'zakuti mbumba yonse sithera pamodzi, moto ukatembenukira uku kapena uko. Timakonda kutamanda wokonzekera ngati kuti kukonzekera n'kwaulere. Si kwaulere. Mlimi wa ku Dowa amene wapatula ndime ya chinangwa kapena mbatata poopa chilala wachepetsa munda wa fodya, ndipo chaka cha mvula yabwino ndi mitengo yabwino mnzake amene anabzala fodya yekhayekha amagula malata iye akuona. Chaka cha 2002, pamene njala inagwira chigawo chapakati mpaka anthu kudya gaga ndi mizu ya nthochi, chiweruzo chinali china. Mudzi umene uli ndi anthu a mitundu iwiri yonseyi umakangana kwambiri, koma sutha.

Yisiti imakumbukanso, ngakhale ilibe mutu. Madzi saiwala khwawa. Selo limene linadyapo galactose, likapatsidwa gulukosi kwa kanthawi n'kubwezeredwa ku galactose, limatsegula majini a GAL mofulumira kuposa limene silinamulawepo. Chifukwa chimodzi n'chakuti mapuloteni akale satha nthawi yomweyo, amagawidwa kwa ana ndi zidzukulu, akucheperachepera m'badwo uliwonse mpaka atazimirira. Gulu la ku Leuven lija linapezanso kuti yisiti ikakhalitsa pa gulukosi, imachedwanso kwambiri kubwerera ku maltose, chifukwa zida zake zotenthera chakudya ndi mpweya zimakhala zitafooka pang'onopang'ono. Khwawa losayendamo madzi limakwiririka. Kukumbukira kumeneku n'kwa mibadwo yochepa chabe ya maselo, nkhani ya maola kapena tsiku, ndiye tisakukulitse n'kumati nkhali ikukumbukira mowa wa chaka chatha. Chimene nkhali yakale imasunga n'china, ndipo ndifikako.

Shuga yekha samanga thupi. Mlimi aliyense wa ku Nachisaka amadziwa kuti chimanga chosowa nayitulojeni chimachita chikasu, ndipo amadziwa mtengo wa thumba la Urea. Yisiti nayo imafuna nayitulojeni, ndipo apanso ili ndi tsankho: ikapeza ammonium kapena glutamine, imatsekera majini odyera zakudya zina zovuta monga proline, mpaka zabwinozo zitatha. Otcheza kachasu anaizindikira mfundoyi kalekale m'njira yawo. Madzi ndi shuga zokha siziwira bwino, pamafunika gaga, amene amabweretsa nayitulojeni, mavitamini ndi tizamoyo tomwe. Mafakitale ofulula kuchokera ku molasesi nawo amaonjezera zakudya za nayitulojeni, koma moyeza. Zimamveka kuti otcheza ena amaponyamo feteleza kuti ziwire msanga. Yisiti ingakondwe, koma womwa ndiye ali pangozi: urea akakumana ndi mowa amapanga mankhwala otchedwa ethyl carbamate, amene bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa linawaika m'gulu la zinthu zoganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa matendawa.

Puloteni imene imauza selo kuti chakudya chomangira thupi chilipo, pitiriza kukula, imatchedwa TOR. Inatulukiridwa mu yisiti mu 1991 ku Basel, m'dziko la Switzerland, ndi Joseph Heitman, Rao Movva ndi Michael Hall, pogwiritsa ntchito mankhwala a rapamycin ochokera ku mabakiteriya a m'dothi la chilumba cha Easter. TOR ikakhala chete, selo limasiya kubala n'kuyamba kudzidya lokha. Limakulunga zigawo zake zakale n'kuzitumiza kukaphwanyidwa, kuti zomangira zake zigwire ntchito yofunika kwambiri. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan anaziona izi ndi maikulosikopu mu yisiti yosowa nayitulojeni, anazilemba mu 1992, n'kupeza majini ake, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Apa sitikuyerekeza chabe ayi, pali ubale weniweni. TOR ili m'maselo athu. Snf1 ili ndi mbale wake mwa ife wotchedwa AMPK, amene amadzuka mphamvu ikachepa m'selo. Munthu amene akupalira m'mwezi wa Febuluwale atagona ndi phala lokha, m'thupi mwake mukutseguka ndi kutsekeka majini a mtundu womwewo.

Njala ikafika posauzana, yisiti ili ndi njira yomaliza. Selo limagawika m'kati kukhala timbewu tinayi ta khungu lolimba, topirira kuuma ndi kutentha, n'kugona. Ena amangodzaza shuga wotetezera thupi wotchedwa trehalose n'kukhala chete. Yisiti ya m'paketi imene ophika mandasi amagula pa golosale ndi maselo ogona chotero, owumitsidwa, mabiliyoni m'kasupuni kamodzi, ndipo madzi ofunda ndi kashuga zimawadzutsa m'mphindi zochepa. Kuzizira nako kumachedwetsa zonse, ndipo wofulula wa kumapiri kuno amadziwa kuti mowa wa mu Juni sufanana masiku ndi wa mu Okutobala.

Yisiti yomweyi ndi zachibale zake zikugwira ntchito zosiyana m'dziko muno. Ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota kutsikira kunyanja kuchokera ku Ntchisi, fakitale ya Ethanol Company yakhala ikusandutsa molasesi kukhala ethanol wosakaniza ndi petulo kuyambira mu 1982. Kumeneko chakudya ndi shuga wa nzimbe, invertase ndiye mfumu, majini a MAL alibe ntchito. Ku Blantyre, Carlsberg inatsegula fakitale yake mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo mowa wa mtundu umenewo umadalira yisiti yachibale, yokonda kuzizira, imene ntchito yake yaikulu ndi maltose. Kunali ku Carlsberg ya ku Copenhagen kumene Emil Christian Hansen, mu 1883, anapatula selo limodzi n'kulera yisiti ya mtundu umodzi wosasakanizika, ndipo kuyambira pamenepo mafakitale anasiya kudalira mwayi. Phindu lake n'lakuti botolo la lero limafanana ndi la dzulo.

Nkhali ya m'mudzi inatsata njira ina. Wofulula akagwiritsa ntchito nkhali yomweyo chaka ndi chaka, kapena akathira kachipanda ka mowa wowira kale m'phala latsopano, akusankha mbewu osadziwa, monga amasankhira chimanga cha makolo chopachika pamwamba pa moto. Maselo amene anakhoza m'phala la chimera chake, losasa, lofunda, lodzaza mabakiteriya, ndi amene amatsala ambiri m'ming'alu, ndipo ndi amene amayamba ulendo wotsatira. Kumeneku si kukumbukira kwa maola kuja, ndi kusintha kwa DNA yeniyeni pa mibadwo zikwizikwi. Kafukufuku wa mu 2016 pa mitundu 157 ya yisiti za m'mafakitale anapeza kuti za mowa wa chimera zili ndi makope oonjezera a majini a MAL, ndipo zambiri zinataya luso lopanga timbewu tolimba tija, popeza munthu sanazisiyepo ndi njala. Mu 2018 asayansi a ku France anawerenga DNA ya yisiti 1,011 za padziko lonse, ndipo za m'mowa wa makolo wa mu Africa zinapezeka zili ndi nthambi yakeyake, yosiyana ndi za vinyo kapena mowa wa ku Ulaya. Ngakhale yisiti ina yotchuka m'malabotale, Schizosaccharomyces pombe, imene inathandiza Paul Nurse kumvetsa kugawika kwa maselo, Paul Lindner anaipatula mu 1893 kuchokera m'mowa wa mawere wa kum'mawa kwa Africa.

Ndiye wofulula akasiya nkhali yadothi n'kutenga chidebe chapulasitiki chotsukidwa ndi sopo, n'kutsegula paketi ya yisiti yophikira kuti zifulumire, wasinthanitsa zinthu ziwiri zenizeni. Wapeza ukhondo ndi liwiro, ndipo zimenezo si zonyoza. Koma yisiti ya m'paketiyo inasankhidwira ufa wa tirigu ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, kutulutsa mpweya wambiri msanga uvuni usanaiphe. Siinaleredwe m'phala losasa la masiku angapo. Mowa upsa ndithu, ndipo uledzeretsa. Koma asidi, fungo ndi makomedwe zimachokera ku majini amene anatseguka ndi amene anatsekeka m'masiku amenewo, komanso ku mabakiteriya amene yisitiyo inawalola kukhala nawo kapena inawagonjetsa msanga. Nkhali yakale ikasweka, ina imagulidwa pamsika tsiku lomwelo, koma yisiti ya m'ming'alu yake sigulitsidwa paliponse. Mayi amene wapita kwa mnansi wake ndi kachipanda kukapempha mowa wowira kale woti ayambire nkhali yatsopano, akukapempha mbewu.